Ketulo ya M'kabati mwa Amayi

1

Ngati munakhalapo pa chilangizo cha mkwatibwi kuno ku Nkhotakota, kuyambira pa boma mpaka ku Chia, mwina mukundidziwa. Ndine Shamsa, mayi wojintcha uja amene ankaimirira kumapeto, anthu atatopa kale ndi kufupa, n'kuyamba nkhani ya ketulo. Ndaifotokoza kambirimbiri moti atsikana ena ankandimalizira okha mawu. Lero ndiifotokoza komaliza, koma yonse, chifukwa ndatopa nayo.

Makolo anga anakwatirana mu 1975, tsiku Lachisanu, anthu atangotuluka mu mzikiti. Analipo anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo Shehe. Amayi, a Maimuna, anavala chitenje chobwereka kwa msuweni wawo. Abambo, a Ramadhani, anali atangoyamba kumene utelala pakhonde la sitolo, ndipo atafunsidwa za mahari, mphatso imene mwamuna amapereka kwa mkazi pomanga ukwati, anatulutsa ketulo yoyera ya mzere wabuluu. M'ketulo yomweyo anawiritsiramo tiyi wa alendo, wopanda mkaka, womwera chinangwa chophika. Sanajambulitse chithunzi, galimoto kunalibe. Anabwerera kunyumba wapansi mvula ikuwaza, ketulo ili m'manja mwa mkwatibwi.

Ndikafika pamenepa ndinkakweza mawu. "Inu a masiku ano, holo, keke yosanja, magalimoto asanu, koma chaka chisanathe mwabwerako ndi chikwama! Makolo angawa zaka zapitirira makumi anayi, sindinawamvepo akukangana. Amayi anga sanavulepo mpango pamaso pa amuna awo, ulemu ndi umenewo. Abambo atayamba chifuwa anasamukira okha m'chipinda cha makina kuti akazi awo azigona bwino, chikondi ndi chimenecho. Banja ndi kupirira, ana inu!"

Nthungululu zinkamveka mpaka kumsewu.

Langa banja silinakhalitse. Amuna anga anamwalira mwana wathu Aziza ali ndi zaka zisanu. Ndiye polangiza ana a eni ndinkabwereka banja la makolo anga, ngati mmene amayi anabwerekera chitenje chija. Ketuloyo inkakhala m'kabati yagalasi pabalaza pawo, ndipo panalibe wololedwa kuigwira. Ngakhale pa Idi sinkatuluka.

2

Aziza anakwatiwa ndi Latifu, woyendetsa thirakitala ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Mnyamata wa ulemu pamaso pa anthu, wopereka moni chogwada. Patatha miyezi isanu mwana wanga anabwera ndi mlomo wotupa. Ndinamuthira mankhwala, ndinamukumbutsa za ketulo, ndinamubweza. Kachiwiri anabwera akutsimphina, ndinachitanso chimodzimodzi.

Kachitatu munali mu Epulo, masana, ine ndikupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinangoona chikwama chatsikira pafupi ndi lichero.

"Amayi, ulendo uno sindibwererako."

"Wayambanso? Chatani?"

"Anandimenya mbama kuno," anatero akugwira khutu lakumanzere. "Mukulira ngati muli njuchi. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Unamuyankha chiyani kuti afike pamenepo?"

"Ndinangofunsa kumene anagona."

"Ndiye ukufunsiranji? Agogo ako unawamvapo akufunsa amuna awo kumene achokera? Iwe ukwati wako unali wa holo, anthu anavina mpaka nsapato kuduka. Anzako anakwatiwa ndi ketulo imodzi ndipo akadali pomwepo. Ukufuna anthu azinena chiyani? Kuti Shamsa amalangiza ana a eni, wake akumulephera?"

Ndi pomwepo pamene panali nkhani, abale anga. Sindinkaopa kuti banja la mwana wanga litha ayi. Ndinkaopa kuti mayi wa ketulo asekedwa.

Aziza sanalire. Ananyamula chikwama chake. Ndinamuperekeza pa siteji, ndinamugulira nthochi, ndipo minibasi itanyamuka ndinabwerera kukamaliza kupeta mpunga wanga.

3

Abambo anamwalira mu Juni, m'mawa wa Lolemba, m'chipinda chawo cha makina. Anali atagona zaka zitatu chifukwa cha sitiroko, amayi akuwaphikira phala, kuwachapira, kuwaitanira mlongo wanga Faruku kuti adzawasambitse. Ine ndinkati amayi akalamba, alibe mphamvu zonyamula mwamuna. Tinaika maliro tsiku lomwelo dzuwa litapendeka.

Aziza anafika jeneza, chonyamulira maliro, litanyamuka kale. Kwa masiku atatu anagwira ntchito ngati bulu, kutunga madzi, kutsuka mbale, osakhala pansi. Tsiku lachitatu, la sadaka yopempherera malemu, ndinamuitana ali pafupi penipeni.

"Aziza, tenga mphasa ija."

Zii.

"Aziza!"

Anatembenuka thupi lonse, n'kundilozetsa khutu lakumanja. "Mwati bwanji, Amayi?"

Amayi anali atakhala pakona, atatsamira khoma. Anamuyang'ana mdzukulu wawo, kenako anandiyang'ana ine.

Masana amenewo nyumba itadzaza azimayi, wina anati, "A Shamsa, tatiuzeniko za ketulo ija, titonthozeke." Ndinaifotokoza. Ndinaikometsera kuposa kale lonse, zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka ena analira. Anthu atayamba kubalalika, Aziza anandinong'oneza pakhomo la khitchini.

"Ndikhaleko kuno mwezi umodzi, ndiziwathandiza agogo pa eda."

"Eda ndi ya agogo ako, si yako. Iwe mwamuna wako ali moyo. Nyamuka kusanade."

Potembenuka ndinapeza amayi ataima kumbuyo kwanga, kapu ya madzi ili m'manja. Anamva zonse.

4

Kwa amene simukudziwa, eda ndi miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi woferedwa amabindikira pakhomo. Savala zowala, sadzola zonunkhira, sapaka wanja m'maso, sayendayenda. Ine ndinaikhala ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndikuidziwa kulemera kwake. Tinali titawakonzera kale amayi nsalu zawo zosawala ndi mkeka wawo kuchipinda.

M'mawa wa tsiku lachinayi ine ndi Faruku tinali pakhonde, tikuwerenga mipando yobwereka kuti tibweze. Chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka atavala chitenje chofiira, wanja ali bii m'maso, beseni la mpunga lili pamutu.

Faruku anagwetsa mpando. "Amayi! Mukupita kuti?"

"Kumsika. Benchi langa lakhala lokha masiku atatu."

"Subuhanallah! Eda, Amayi!"

"Sindikhala."

"Mwati chiyani?"

"Uli ndi makutu awiri abwinobwino iwe. Ndati sindikhala."

Faruku ndi wa komiti ya mzikiti, munthu woti ndevu zake zimafika iye asanafike. Anaima pachipata atatambasula manja. "Achemwali, alankhuleni amayi anuwa. Chisoni chawasokoneza mutu. Manda a abambo sanaume n'komwe! Anthu atiyika pati?"

Ndinawalanda beseni lija. Inde, ine, ndinalanda beseni pamutu pa mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri. "Amayi, mukufuna kutichititsa manyazi? Zaka zonsezi mwapirira, miyezi inayi yokha ikukanikeni? Kodi abambo munkawakonda n'komwe?"

Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira kasitomala wokanika pa mtengo. Kenako anapuma mozama.

"Faruku, bweza mipando ya eni. Iwe Shamsa, lowa. Utseke chitseko."

5

Anatulutsa kakiyi kumpango kwawo n'kutsegula kabati. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaigwira ketulo ija. Inali yopepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

"Vundukula."

M'katimo munali pepala la m'kope, lopindidwa kanayi, lofiirira ndi ukalamba.

"Ine sukulu sindinapite," anatero amayi. "Werenga mokweza. Unabwera nalo ndiwe, ndiye umalize ntchito yako."

Malembo anali a abambo, opendekera ngati mmene ankalembera miyeso ya makasitomala. "Ine Ramadhani ndakusiya iwe Maimuna. Iyi ndi talaka yachitatu. Mboni ndi Shehe Sadick ndi atsibweni ako a Amiri. 14 Ogasiti 1989."

Ndinakhala pansi. Talaka yoyamba ndi yachiwiri mwamuna angathe kubweza mawu, banja n'kupitirira. Yachitatu ilibe pobwerera.

"Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri," amayi anapitiriza. "Unawapititsira chakudya kukhonde la sitolo, anakupatsa pepalali kuti undipatse. Unabwera ukudumphadumpha, switi ili m'kamwa."

Ndinakumbukira. Switi ya timizere tofiira. Anati ndisatsegule.

"Koma... chifukwa chiyani?"

"Ndinapita kukagulitsa mpunga ku Salima, basi inafera panjira, ndinagona konko. Basi. Talaka ziwiri zoyambazo n'zosayenera n'kuzitchula komwe, ina inali ya mchere wa m'ndiwo. Bambo ako pakamwa pawo panali pofulumira, dzanja lawonso chimodzimodzi."

"Ayi, Amayi. Ine sindinakumvenipo mukukangana."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe? Amene unkamukokera Faruku pansi pa bedi n'kumutseka makutu? Ndimakumva ukamanena zimenezo m'maukwati, ndimangoti mwana uyu waiwaladi kapena wasankha?"

Fungo la pansi pa bedi lija linandibwerera, fumbi ndi nsapato zakale. Nkhani ukamaibwereza imasalala ngati mpini wa khasu, ndipo ine ndinali nditaisalaza mpaka zobaya zonse zinatha.

"M'mawa mwake bambo ako anabwera akulira," anatero amayi. "Anathamangira kwa Shehe kuti abweze. Shehe anati yachitatu ndi yachitatu. Eda yanga, ya mkazi wosiyidwa, ndinakhala nthawi imeneyo, miyezi itatu ija munkati ndikudwala mutu. Itatha, munthu uja analibe kolowera. Nyumba ino ndi ya kwathu, iye kwawo kunali kutatha. Inu munali ana. Ndinati chipinda cha makina chilipo, azikhala ngati mlendo, ana asasowe bambo, iwenso udzakwatiwe anthu asakuloze chala. Shehe sanakondwe nazo, koma anatseka pakamwa mpaka kumanda."

"Ndiye mpango uja..."

"Ungavule mpango pamaso pa mwamuna amene si wako? Ungamusambitse? Chifuwa chija ndinapeka ndine." Anandilanda pepala lija n'kuliwongola pabondo. "Mtendere umene umanyadirawo unabwera ndi kalata iyi, Shamsa. Chichokereni tsiku limenelo sanandikwezerenso dzanja, analibe ufulu. Tinayamba kulemekezana titasiyana. Zaka khumi ndi zinayi ndinali mkazi wake, ndipo zinali zowawa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinali mnansi wake, ndipo zinali bwinoko. Ndamulira ngati mnansi. Anthu ndawanamiza mokwanira, koma eda ndi ya Mulungu, ndipo Mulungu sindimunamiza."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkati bodzali ndi langa, likupweteka ine ndekha. Ukamalifotokoza m'maukwati ndinkangoti zisiye, mwana akudyerapo ulemu. Dzulo ndi pamene ndaona kuti ladya khutu la mdzukulu wanga." Anabweza chivundikiro pa ketulo. "Kasinthe nsalu. Tikupita ku Dwangwa."

6

Tinadutsa pakati pa msika, amayi patsogolo ndi chitenje chawo chofiira. Azimayi a pa mabenchi a usipa anasiya kuitanira malonda. Wina anagwira pakamwa. Faruku anatitsatira mpaka pa siteji akuchonderera, kenako akukalipa, kenako anangoima. Amayi anakwera minibasi osacheuka.

Tinafika ku Dwangwa cha m'ma 11 koloko. Latifu ankaweruka 4 koloko. Pamphambano yolowera kunyumba kwawo pali mtengo wa mango, ndipo amayi anakhala pamuzu pake.

"Pita wekha kaye. Unamutumiza ndiwe."

Ndinamupeza Aziza akusita yunifolomu ya mwamuna wake. Anadzidzimuka.

"Amayi! Kwagwanji? Agogo ali bwanji?"

"Longedza, mwanangu. Ndabwera kudzakutenga."

Anaimika simbi. "Kunditenga kupita kuti?"

"Kwathu. Ndinalakwa, Aziza. Tiye asanabwere."

Anandiyang'ana, kenako anayambiranso kusita kolala. Mawu ake anatuluka osalala, opanda mkwiyo. "Banja ndi kupirira, Amayi. Agogo anakwatiwa ndi ketulo imodzi, chitenje chobwereka, tiyi wopanda mkaka. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Ine zitatu zokha ndithawe? Anthu anena chiyani?"

Mawu anga omwe, ndi kakwezedwe kake komwe. Ndikanakonda akananditukwana.

"Nkhani ija si yoona," ndinatero. "Agogo ako anasiyidwa kalekale. Talaka zitatu. Kalata ndaiona ndi maso angawa."

"Amayi, musanamizire maliro. Agogo aamuna sanathe sabata m'manda. Mwamva chisoni ndi khutu langali, chabwino, koma musapeke nkhani. Ndazolowera. Ndikagonera mbali ya khutu labwinoli, akamalalata sindimva."

Ndinagwada. Ine Shamsa, mlangizi wa maukwati, ndinagwada pa simenti ya mwana wanga, ndipo iye anangopitiriza kusita. Ndinali nditamuphunzitsa bwino kwambiri.

Kenako pakhomo panada. Aziza anakweza maso, simbi inatsala pang'ono kumugwera paphazi.

"Agogo? Mwatuluka? Nanga eda?"

Amayi analowa pang'onopang'ono atagwira chitseko, chitenje chili psuu, wanja ali m'maso, fungo la mafuta onunkhira lili thoo. Aziza anakulira m'nyumba ya Chisilamu. Ankadziwa kuti agogo ake, amene sanaphonyepo swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku, ngakhale akudwala malungo, sangayende mtunda wonsewo atavala choncho tsiku lachinayi ngati womwalirayo anali mwamuna wawo.

"Eda yanga ndinakhala kale, amako ali ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero amayi. Anayandikira, anazungulira mbali ya kumanja kwa Aziza, n'kulankhulira pafupi ndi khutu lamoyolo. "Ine sindinapirire banja, mdzukulu wanga. Banja linatha, ndiye ndinapuma. Zimitsa simbiyo."

Aziza anaima nthawi yaitali. Yunifolomu inayamba kununkha kupserera. Kenako anachotsa simbi, analowa kuchipinda, ndipo tinamva zipi ya chikwama.

Mu minibasi anakhala pakati pathu. Agogo ake anawaika kudzanja lamanja, ine kumanzere. Ndinalankhula kuyambira ku Dwangwa mpaka pa mlatho wa Bua, kupepesa, kufotokoza, kupepesanso. Sanatembenuke. Ndinazindikira mochedwa kuti ndikulankhula ndi khutu lakufa.

Titatsika ndinanyamula chikwama chake kulunjika kwanga. Anachigwira.

"Ndikakhala kwa agogo."

7

Papita chaka tsopano. Latifu anabwera kawiri ndi ankhoswe ake, amayi anawalandira pakhonde, anawapatsa madzi akumwa, n'kuwaonetsa njira. Banjalo linatha. Kuchipatala anati khutu lija silidzamvanso, akanabwera msanga mwina akanayesapo. Msanga wake ndi tsiku lija ndinkapeta mpunga.

Faruku sandilankhula, akuti ine ndi amayi tinavula abambo ali m'manda. Ena pa msika amati a Maimuna anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu m'nyumba imodzi ndi mwamuna wosakhala wawo, ena amati ndi mayi wa chifundo. Amayi sayankha, amangoyeza mpunga wawo. Ketulo ija inatuluka m'kabati, amawiritsiramo tiyi m'mawa uliwonse ndipo yada kale ndi mwaye. Ku chilangizo sindiitanidwanso kawirikawiri, ndipo akandiitana ndimati ndadwala.

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga amene timaimirira kutsogolo ndi maikolofoni, sindikuti mabanja okhalitsa kulibe. Alipo, ndipo ena ndi okoma. Koma zaka timawerenga tili panja, za m'kati amadziwa ndi eni ake. Musanatenge banja la wina kukhala chikwapu chokwapulira mwana wanu, kafunseni mwini wakeyo kuti zinali bwanji. Ine ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu zoti ndifunse, amayi ali pompo, ndipo sindinafunse chifukwa nkhaniyo inkandikomera mmene inalili. Ndipo mwana akabwera ndi chikwama, yambani mwamuyang'ana thupi musanatsegule pakamwa.

Aziza tsopano amasoka pa makina a agogo ake aamuna, m'chipinda chomwe chija. Ndimapitako Lachisanu lililonse ndi nsomba kapena tomato. Amandilandira bwino, amandiyalira mkeka, amandithirira tiyi wa m'ketulo ija. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Koma ndikangoti, "Mwanangu, tamvera," amaweramira pa makina n'kunditembenuzira khutu lakumanzere.